Kusanthula zoyankhula za odwala si kungotola mawu okoma

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva ophunzira unamwino muno mu Lilongwe akunena kuti kusanthula zomwe odwala ayankhula pa kafukufuku n'kungotola mawu okoma, kulibe ndondomeko. Si zoona ayi.

Njira zilipo, ndipo zimasiyana. Mu thematic analysis mumawerenga zoyankhulazo mobwerezabwereza, n'kumalemba makodi (mawu afupi osonyeza mfundo yomwe yanenedwa) m'mbali mwa mizere, kenako ofanana mumawasonkhanitsa kukhala mitu. Content analysis imathanso kuona kuti dandaulo, monga kuchedwa kulandira mankhwala, latchulidwa kangati. Mu grounded theory mumasanthula mukuchezabe ndi anthu, mpaka mfundo zatsopano zitasiya kubwera.

Chonde, musafalitse zomwe simunatsimikize. Tsegulani lipoti la kafukufuku wotere pomwe ofufuza afotokoza njira zawo, muone momwe makodi anapangidwira komanso ngati mituyo ikugwirizanadi ndi mawu a odwalawo.