Ulendo pa Nthawi ya Mliri: Zoyenera Kukonza Musanakwere Basi Kapena Ndege

Uthengawu ndi wa aliyense amene amadutsa m'zipata za dziko: ogwira ntchito ku Joni, amayi a geni opita kukapikula katundu ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka, ana asukulu, madalaivala a mathiraki, komanso abale athu okhala ku Britain amene amabwera kumudzi patapita zaka. Pa 5 Meyi 2023 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti COVID-19 salinso pa mlingo wa ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Kachilomboka komabe sikanathe, ndipo mliri wina ukadzagwa, maboma adzatsekanso zipata monga anachitira kale. Zimene zinagwera apaulendo pakati pa 2020 ndi 2022 zikutiuza zoyenera kukonza tisananyamuke.

Malamulo amasintha inu muli m'njira

Chimene chinazunza anthu kwambiri n'chakuti malamulo sankachenjeza. South Africa inalamula anthu ake kukhala m'nyumba kuyambira pa 27 Malichi 2020, patangodutsa masiku ochepa chilengezere. Malawi inaimitsa ndege zonyamula anthu pa 1 Epulo, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu linadzatsegulidwanso pa 1 Seputembala. Amene anachoka pakhomo ndi zovala za sabata ziwiri anakhala kunja miyezi isanu. Pa 11 Januwale 2021 South Africa inatsekanso zipata 20 za pamtunda, kuphatikizapo Beitbridge, chipata cha pakati pa Zimbabwe ndi South Africa, mpaka pa 15 Febuluwale. Apa n'kuti anthu ambiri ali kumudzi kumene anakadyera Khirisimasi, ntchito ikuwadikira ku Johannesburg ndi ku Cape Town.

Za Omicron, mtundu watsopano wa kachilombo ka COVID-19, zinachita kufulumira kuposa apa. Akatswiri a ku South Africa anadziwitsa WHO za mtundu watsopanowu pa 24 Novembala 2021. Pofika pa 28 Novembala, Britain inali itaika Malawi, Zambia ndi Mozambique pa mndandanda wa maiko oletsedwa, ndipo amene anali ndi chilolezo chokhala ku Britain akafika kumeneko ankayenera kubindikira mu hotela masiku 10 pa mtengo wa £2,285 munthu wamkulu mmodzi, zolipira yekha. Lamuloli linachotsedwa pa 15 Disembala, koma amene ulendo wawo unagwera m'masabata amenewo ndalama zawo zinapita.

Choncho pa nthawi ya mliri musakonze zopita zokha. Dzifunseni kuti zipata zitatsekedwa muli uko, mudzagona kuti, mudzadya chiyani, ndipo ana amene mwawasiya adzawasamala ndani. Ngati mulibe yankho pa mafunso amenewa, ndipo ulendowo ukhoza kudikira, udikire. Ngati sungadikire, patulani ndalama ya masabata osachepera awiri pamwamba pa ya ulendo, ndipo musaiike yonse m'thumba limodzi. Pogula tikiti funsani ngati angakusinthireni tsiku kapena kukubwezerani ndalama ulendo ukalephereka, ndipo yankholo likhale lolembedwa, osati la pakamwa. Tikiti yotchipa yosasinthika ndi imene imadzakhala yodula. Amene muli ndi inshulansi ya paulendo werengani ngati imalipira za mliri ndi za kubindikira, chifukwa zambiri sizinkalipira. Onaninso masiku amene akudindirani mu pasipoti. Mukaona kuti atha zipata zili chitsekere, pitani ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka ya dzikolo kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi masikuwo asanathe, ndipo sungani umboni wa tikiti imene inalephereka.

Nkhani za malamulo muzizitenga ku Unduna wa Zaumoyo, ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita, ndi ku kampani ya basi kapena ndege. Uthenga wa pa WhatsApp umazungulira miyezi itatu lamulo litasintha kale. Safunsa anadya phula. Funsani pogula tikiti, ndipo mufunsenso kutatsala tsiku limodzi.

Kuyezetsa ndi nkhani ya maola 72

South Africa itatsegula zipata pa 1 Okutobala 2020, inkafuna chikalata chosonyeza kuti munthu wayezetsa ndi njira ya PCR (kuyeza kwa mu labu) m'maola 72 ndipo sanapezeke ndi kachilombo. Maiko ambiri anachita chimodzimodzi. Kwa wokwera ndege, maola 72 ndi ambiri. Kwa wokwera basi ndi ochepa, ndipo apa m'pamene anthu ambiri anagwa nazo.

Taonani njira yake. Basi yochoka ku Wenela mu Blantyre imadutsa pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge. Yochokera ku Lilongwe imalowera pa Dedza. Amenewa ndi malire atatu, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo akeake, ngakhale mukungodutsa. Zinthu zikamayenda bwino ulendowu umatenga tsiku ndi theka kapena masiku awiri. Mu Disembala 2020 ndi Januwale 2021 anthu anagona masiku pa mzere pa Beitbridge, zikalata zawo n'kutha mphamvu ali pomwepo, n'kuyenera kulipira kuyezetsa kwina.

Nthawi zambiri maolawo ankayamba kuwerengedwa pamene wazaumoyo wakupisani kathonje m'mphuno, osati pamene mwalandira zotsatira. Mukayezetsa Lolemba m'mawa, zotsatira n'kutuluka Lachiwiri madzulo, basi n'kunyamuka Lachitatu, ndiye kuti pofika pa Beitbridge Lachinayi masana chikalata chatha kale. Funsani labu kuti zotsatira zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo muyezetse pafupi kwambiri ndi tsiku lonyamuka. Funsaninso ngati dzikolo limawerenga maola kufika pa nthawi yonyamuka kapena yofika. Dzina ndi nambala ya pasipoti pa chikalatacho zifanane ndendende ndi za mu pasipoti. Chilembo chimodzi cholakwika chimabweza munthu. Tengani chikalata cha pepala, china chikhale mu foni, poti foni imatha moto pa mzere.

Kuyeza kwachangu kuja kotulutsa zotsatira m'mphindi 15 mpaka 30 si dziko lililonse limene linkakuvomereza. Dziwaninso kuti munthu amene anadwala COVID-19 n'kuchira akhoza kupezekabe ndi kachilombo pa PCR kwa masabata angapo ngakhale sakupatsiranso anzake. Ngati munadwala chaposachedwa, tengani kalata ya dokotala ndipo mufunsiretu ngati kumene mukupitako amailandira.

Katemera naye amafuna nthawi. Maiko ambiri ankati munthu wamaliza katemera pakadutsa masiku 14 chibayitsire jekeseni yomaliza. Wa Johnson & Johnson anali wobaya kamodzi, pamene wa AstraZeneca, amene anayamba kufika m'Malawi pa 5 Malichi 2021, anali wobaya kawiri motalikirana masabata 8 mpaka 12. Kubayitsa dzulo ulendo uli mawa sikuthandiza pa chipata, ndipo thupi limakhala lisanapange chitetezo.

Zikalata zogula kwa madobadoba

Pa nthawi ya mliri, pa chipata pamakhala munthu wonong'oneza kuti angakupezereni chikalata popanda kuyezetsa, kapena kukudutsitsani njira yachidule ya m'tchire. Tikumvetsa chimene chimakopa: kuyezetsa kunali kodula, ndipo munthu amene wangotsala ndi ya basi amaona ngati palibe kuchitira mwina. Koma chikalata chabodza ndi mlandu, ndipo ambiri anamangidwa nazo. Choopsa kuposa apo n'chakuti mumakwera basi osadziwa ngati mwanyamula matenda, n'kukhala masiku awiri phewa ndi phewa ndi mayi woyembekezera kapena bambo wodwala shuga. Njira zozemba nazo zili ndi achifwamba, ndipo mtsinje wa Limpopo umadzaza nthawi ya dzinja n'kukokolola anthu.

Ngakhale chikalata chenicheni si chishango. Chimangonena za tsiku limene munayezetsa. Zizindikiro za COVID-19 zimayamba kuoneka pakati pa masiku 2 ndi 14 munthu atatenga kachilombo, ndipo akhoza kupatsira ena asanayambe kudzimva kudwala. Mukadzuka tsiku la ulendo thupi likutentha, mukutsokomola, pakhosi pakuwawa kapena simukumva fungo, musakwere, ngakhale pepala likuti muli bwino. Kumwa panado kuti thupi lizizire podutsa pa makina oyeza kutentha n'kudzinamiza nokha ndi kuika anzanu pa ngozi.

Mankhwala anu

Amene mumamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a BP, a mphumu kapena a khunyu, pitani kuchipatala chanu musananyamuke mukanene za ulendowo. M'Malawi anthu amene akumwa bwino ma ARV amatha kulandira a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Tengani ochuluka kuposa masiku a ulendo, pamodzi ndi buku la kuchipatala, kuti akakutherani kunja achipatala adziwe mtundu umene mumamwa. Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, m'mabotolo awo olembedwa, osati m'chikwama chachikulu chopita m'ngolo ya basi kapena pansi pa ndege. Insulini imaonongeka ndi kutentha, ndipo amene anadutsapo pa Tete mu Okutobala akudziwa mmene kumaotchera. Ikulungeni bwino ndipo isakhale pa dzuwa.

Anthu a zaka zopitirira 60 ndi amene ali ndi matenda amgonagonawa ndi amene COVID-19 ankawagwetsa kwambiri. Iwowa akambirane ndi dokotala asanagule tikiti.

M'basi ndi pa mzere

Kachilomboka kamayenda mu mpweya umene timapuma, ndipo kamachulukana m'malo otsekeka modzaza anthu. Basi ya usiku, mawindo onse atatsekedwa chifukwa cha mphepo, anthu akugona kukamwa kuli yasa, ndi malo oopsa kuposa msika wa pabwalo. Valani masiki yotseka mphuno ndi kamwa yomwe, osati yolendewera pachibwano, ndipo tengani zingapo chifukwa ikanyowa ndi thukuta sigwiranso ntchito. Pemphani kuti mawindo ena atsegulidwe, ndipo mutenge juzi m'malo mokangana ndi anzanu za kuzizira. Idyani basi ikaima, panja, osati mkati. Sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, kapena pakani sanitaiza, makamaka mukachoka pa windo lodindira mapasipoti pamene aliyense amagwira cholembera chimodzi. Madzi akumwa tengani okwanira, poti mzere wa pa dzuwa umakomola anthu ngakhale opanda matenda.

Ulendo wa ku maliro

Palibe ulendo wovuta kuukana ngati wa ku maliro a kholo kapena mbale. Munthu akalephera kukaponya dothi m'manda a mayi ake, chisoni chake sichitha msanga, ndipo ena kumudzi amamunena kuti watchona. Komabe pa maliro m'pamene matendawa ankafala kwambiri: anthu kugona m'nyumba imodzi usiku wonse akuimba, kukumbatirana, kusamba m'manja m'beseni limodzi. Banja likambirane poyera. Ngati zipata zili zotseka kapena wapaulendoyo akudwala, maliro asadikire. Atumize chipepeso, atsatire mwambo pa foni, adzabwere pa nthawi ya chiliza. Inu akuluakulu a banja, muuzeni mwana wanuyo ndi pakamwa panu kuti simukumuimba mlandu, chifukwa ambiri amadziika pa ngozi poopa mawu a kumudzi.

Mukafika

Kumapeto kwa Meyi 2020, anthu oposa 400 amene anabwera pa mabasi kuchokera ku South Africa anathawa pa Kamuzu Stadium mu Blantyre asanalandire zotsatira zawo. Iwo ankadandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi, ndipo madandaulowo anali omveka. Boma likasunga anthu liyenera kuwasamala. Koma ena mwa othawawo anali ndi kachilombo, ndipo anakwera maminibasi kupita m'maboma osiyanasiyana. Pokonza ulendo wobwerera, yembekezerani kuti mwina mudzasungidwa pa chipata kapena kuuzidwa kubindikira pakhomo. Nyamulani kachakudya kosaonongeka msanga, sopo, chofunda ndi mankhwala. Perekani nambala ya foni yoona ndi mudzi weniweni kwa azaumoyo, kuti wina wa m'basi mwanu akapezeka ndi matenda akupezeni.

Pakhomo, masiku oyambirira gonani m'chipinda chanokha ngati chilipo, mawindo ali otsegula. Agogo apatseni moni muli panja, chapatali pang'ono, ndipo katundu amene mwawabweretsera alandirebe. Zoyendera abale, tchalitchi kapena mzikiti zidikire mpaka masiku amene azaumoyo anena atakwana. Achibale ndi anansi musamusale wobwerayo kapena kumutcha wobweretsa matenda. Munthu akaopa kusalidwa amabisa kudwala kwake.

Mukayamba kutentha thupi, pitani kuchipatala mutavala masiki, kapena imbani ku Chipatala cha pa Foni, nambala yopereka malangizo a zaumoyo, ndipo nenani kumene mwachokera ndi tsiku limene munafika. Pemphani kuti akuyezeni malungo. Munthu amene wakhala zaka ku Johannesburg kapena ku London chitetezo chake ku malungo chimatsika, ndipo malungo akhoza kupha m'masiku ochepa wina akuganiza kuti ndi chimfine cha paulendo. Gonani mu neti kuyambira usiku woyamba. Amene mwabwerera kunja mutachoka kumudzi, muuzeni dokotala wa kumeneko kuti munali kudera la malungo, chifukwa mwina sangaganizire zimenezo payekha. Kubanika, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu, kulephera kudzuka kapena kumwa madzi ndi zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena masana.