Amene amayendetsa bungwe la aphunzitsi a Chingerezi cha bizinesi salipidwa: ntchito yake imayenda bwanji?

Mphunzitsi wa Chingerezi cha bizinesi nthawi zambiri amagwira ntchito yekhayekha. Lolemba m'mawa ali ku kampani ya inshuwalansi, akuthandiza anthu anayi kulemba maimelo osakwiyitsa makasitomala. Masana ali pa Zoom ndi injiniya mmodzi amene akukonzekera kukafotokoza za makina kwa ogula akunja. Alibe ofesi ya aphunzitsi yoti akhale pansi n'kufunsa mnzake kuti, "Wophunzira wotere mumatani naye?" Alibenso hedimasitala woti amutumize ku maphunziro. Malo a zonsezi amatengedwa ndi bungwe la aphunzitsi anzake, ndipo bungwelo limayendetsedwa ndi aphunzitsi omwewo, madzulo akaweruka.

Lodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi BESIG, gulu la aphunzitsi a Chingerezi cha bizinesi, lomwe ndi nthambi ya IATEFL, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi a m'mayiko osiyanasiyana. IATEFL inakhazikitsidwa ku Britain mu 1967, ofesi yake ili m'tauni ya Faversham ku Kent, ndipo mkati mwake muli magulu oposa 10, lililonse ndi mbali yake ya uphunzitsi. Munthu akalipira umembala wake amasankha gulu limodzi popanda kuwonjezera ndalama. BESIG imakhala ndi msonkhano waukulu chaka ndi chaka, kawirikawiri mu Novembala, kwinakwake ku Ulaya: mu 2016 unali ku Munich, mu 2017 ku Malta, mu 2019 ku Berlin. Imatulutsa magazini yotchedwa Business Issues, imachititsa maphunziro a pa intaneti, komanso imakonza tsiku lakelake msonkhano waukulu wa IATEFL usanayambe. Ku Germany, komwe aphunzitsi oterewa ndi ochuluka chifukwa cha makampani ogulitsa katundu kunja, kulinso mabungwe a m'madera monga MELTA ku Munich, ELTAS ku Stuttgart ndi ELTABB ku Berlin.

Olembedwa ntchito pa malipiro ndi ochepa a ku ofesi ya Faversham. Wotsogolera gulu, msungichuma, mkonzi wa magazini, okonza misonkhano, oyang'anira webusaiti, onsewa ndi ongodzipereka. Apa tinenerepo poyera, chifukwa kwathu kuno tinazolowera kuti wekishopu ikatha pamakhala pepala losainira: mu ntchito iyi mulibe alawansi. Chomwe bungwe lingachite n'kukubwezerani ndalama zina zomwe mwagwiritsa ntchito pa zabungwe, monga thiransipoti kapena malo ogona, ndipo zimatheka pokhapokha munagwirizana ulendo usanachitike komanso mwasunga malisiti. Wolowa akuyembekeza envulopu amakhumudwa mwezi woyamba womwewo.

Popeza palibe malipiro, palibenso bwana amene angakuopsezeni kuti akuchotsani. Chimene chimagwira ntchito yonse ndi zinthu ziwiri zokha: mawu olembedwa onena kuti ichi achita ndani, ndi tsiku loti chikhale chitatha. Pafupifupi vuto lililonse la m'mabungwewa mukalitsatira limakafika pa chimodzi mwa ziwirizi.

Choncho musayambire mu komiti. Yambani ndi kantchito kokhala ndi poyambira ndi pothera: kuwerenga nkhani ziwiri za magazini n'kukonza zolakwika, kuyang'anira mauthenga a omvera pa webinar (phunziro la pa intaneti) imodzi, kapena kukhala pa tebulo lolembetsa anthu kwa maola awiri. Musanavomere, funsani mafunso atatu. Zimatenga maola angati pa mwezi, makamaka mwezi wotanganidwa kwambiri? Ndikakanika ndiuza ndani? Anali pa udindowu ndisanabwere anasiya zolemba? Funso loyambalo anthu amaliyankha mochepetsa, osati pofuna kunama, koma chifukwa amaiwala nthawi yoyankha maimelo. Akakuuzani maola anayi, konzekerani asanu ndi limodzi. Maudindo a mu komiti amalengezedwa kwa mamembala akapezeka malo, ndipo ofuna amalemba za iwo eni ndi zomwe angathe. Amene anayamba wathandizapo pa tinthu ting'onoting'ono amadziwa kale chomwe akulowa. Vuto la atsopano achangu ndi kuvomera zonse: magazini, Facebook, msonkhano. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Webinar ya ola limodzi imaoneka yophweka kwa woonera. Kwa okonza imayamba masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu m'mbuyo. Choyamba ndi kugwirizana ndi wolankhula mutu, tsiku, ndi mfundo imodzi yomwe ambiri amaiiwala: kodi akulola kuti ajambulidwe, ndipo vidiyoyo idzaonetsedwa kwa mamembala okha kapena kwa aliyense? Chilolezocho chikhale cholembedwa. Kenako pafunika ndime yaifupi yofotokoza phunzirolo, mbiri ya wolankhula ya mizere itatu kapena inayi, ndi chithunzi chake. Kulengeza kuyambe kutatsala masabata atatu, chikumbutso chipite kutatsala sabata, china tsiku lomwelo m'mawa.

Kutatsala masiku awiri kapena atatu, yesererani kwa mphindi 20, wolankhula ali pa kompyuta yomwe adzagwiritse ntchito komanso m'chipinda chomwe adzakhale. Kuyeserera pa laputopu ya ku ofesi kenako n'kudzalankhulira pa ya kunyumba ndi kutaya nthawi chabe, chifukwa mavuto ake amakhala a maikolofoni ndi a chilolezo choonetsa masilaidi, ndipo zimenezi zimasiyana kompyuta ndi kompyuta. Ngati pali kavidiyo koti omvera akaone, yesani mawu ake padera. Pa Zoom pali kabokosi kofunika kuchonga kuti mawu a kompyuta amveke kwa ena, ndipo wosakachonga amaonetsa anthu milomo ikungogwedera.

Tsiku lenilenilo pakhale anthu osachepera awiri kupatula wolankhula. Mmodzi amalonjera, kutchula wolankhula ndi kusunga nthawi. Wina amalowetsa anthu, kutseka maikolofoni a ochedwa omwe alowa galu akuuwa kumbuyo, ndi kukopera mafunso pamalo amodzi kuti asatayike m'mauthenga a moni. Wachiwiriyo apatsidwe mphamvu zonse zoyendetsera msonkhano usanayambe, kuti woyambayo intaneti ikamuthawa zinthu zipitirire. Gawani nthawi motere: mphindi 5 zolonjera, 40 za phunziro, 15 za mafunso. Ndipo wina alembe pa kapepala n'kumata pa kompyuta kuti "dinani kujambula". Zimaiwalika, ngakhale kwa ozolowera.

Nkhani ya maola imapweteka anthu ambiri, ndipo kwa wodzipereka wokhala ku Lilongwe, Chipata kapena Tete ndi yofunika kuimvetsa. Ife wotchi yathu siisuntha chaka chonse. A ku Ulaya amaisunthira kutsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi, n'kuibweza Lamlungu lomaliza la Okutobala. Ndiye ikakhala 3 koloko masana ku Berlin mu Julayi, kwathu ndi 3 koloko yomweyo, koma mu Januwale kwathu imakhala 4 koloko. Ya ku London ikakhala 3 koloko, kwathu ndi 4 koloko mu Julayi ndi 5 koloko mu Januwale. A ku United States amasintha pa masiku enanso, kotero masabata ena a Malichi zinthu zimasokonekera kwambiri. Pa chilengezo lembani ola ndi dzina la mzinda, ndipo tumizani kalendala yomwe imasintha yokha malinga ndi komwe wolandira ali. Za magetsi ndi bandulo mukuzidziwa kale: laputopu yodzaza, foni yokhala ndi netiweki ina pambali, ndipo uzani anzanuwo msanga kuti kwanu magetsi amatha kuzima osatsanzika.

Pali msampha wina womwe ndi wa Chingerezi cha bizinesi chokha. Phunziro labwino la mtunduwu limachokera pa zinthu zenizeni: imelo yomwe wophunzira analemba, lipoti la kampani, zokambirana za mitengo. Mphunzitsi akamafotokozera anzake njira yake amafuna kuonetsa zitsanzozo, ndipo silaidi imatulukira pali dzina la kampani, dzina la wogula, mwinanso mtengo womwe sunalengezedwe. Ambiri mwa aphunzitsiwa anasainira pangano losunga chinsinsi cha kampaniyo. Vidiyo ikakwera pa intaneti, munthu akhoza kuluza kontirakiti. Wodzipereka wodziwa ntchito amapempha masilaidi pa tsiku loyeserera n'kuwayang'ana ndi diso limeneli, osati la galamala. Kuphimba dzina ndi kabokosi kakuda sikokwanira ngati fayiloyo mudzaigawa, poti kabokosiko kamachotseka. Dzinalo lifufutidwe, palembedwe lopeka.

Magazini nkhani yake ndi yaifupi. Werengerani masiku chobwerera kuchokera pa tsiku lotulutsa: sabata ya woyala masamba, sabata yowerenga komaliza, masabata awiri okonza ndi kubwezera olemba. Pemphani nkhani zoposa zomwe mukufuna, chifukwa mwa olonjeza ena satumiza. Chithunzi chotengedwa pa Google si chaulere. Ndipo mkonzi asachite kulembanso nkhani ya mnzake kuti imveke ngati ya munthu wa ku London. Mamembala ambiri Chingerezi si chilankhulo chawo choyamba, monganso ophunzira awo, omwe amachigwiritsa ntchito pochita malonda ndi anthu a ku China, Brazil kapena Poland. Chofunika n'chakuti zimveke.

Msonkhano wokumana pamaso ndi pamene pamalowa ndalama zambiri, ndipo ndi pamene cholakwa chimadula. Msungichuma amagawa zolipira pawiri. Zina sizisintha kaya kubwere anthu 30 kapena 300: holo, zokuzira mawu, ulendo wa mlendo wolankhula. Zina zimakwera ndi mutu wa munthu: tiyi, nkhomaliro, kabaji ka dzina. Tiyerekeze kuti zosasinthazo ndi mayuro 6,000, za munthu mmodzi ndi mayuro 40, ndipo aliyense akulipira 140. Pa munthu aliyense patsala 100, ndiye pafunika anthu 60 olipira kuti bungwe lisaluze. Mawu ofunika apa ndi "olipira". Okonza atsopano amawerengera aliyense wokhala m'holo, kuiwala kuti a komiti, alendo ndi opatsidwa thandizo amadya koma salipira kapena amalipira pang'ono. Mtengo wotsika wa olembetsa msanga si chifundo ayi: umabweretsa ndalama nthawi yomwe hotela ikufuna dipoziti, ndipo umakuuzani msanga ngati holo mwatenga yakula. Werengani pangano la hotela pa mfundo ziwiri, tsiku lomaliza losinthira chiwerengero cha odya ndi chindapusa chake mukalephereka. Komanso wodzipereka asasainire pangano m'dzina lake. Gulu ngati BESIG ndi gawo la IATEFL, ndiye zosainira zimadutsa kwa omwe ali ndi mphamvuyo.

Kusankha olankhula kuli ndi ndale zake. Njira yachilungamo ndi yakuti mmodzi achotse mayina pa zomwe anthu atumiza, kenako awiri awerenge chilichonse payekhapayekha pogwiritsa ntchito mafunso ofanana: kodi zikukhudza Chingerezi cha bizinesi, omvera atengapo chiyani chokagwiritsa ntchito Lolemba, ndipo zikwana mu nthawi yomwe yaperekedwa? Akasiyana maganizo, wachitatu aweruze. Osindikiza mabuku ndi makampani a mayeso amathandiza misonkhanoyi ndi ndalama, ndipo palibe cholakwika kuti alankhule, bola pa pulogalamu palembedwe kuti phunziro ili ndi lotsatsa malonda. Anthu sakwiya ndi kutsatsa, amakwiya akapusitsidwa. Poyala pulogalamu, mitu iwiri yofanana isagundane ola limodzi, ndipo wolankhula koyamba musamuike nthawi yofanana ndi munthu wotchuka, apo ayi alankhula ndi mipando.

Mayina ndi maimelo a mamembala ndi katundu woopsa kusunga. Kuyambira pa 25 Meyi 2018 lamulo la GDPR limateteza zinthu zoterezi ku Ulaya, ndipo Britain ili ndi malamulo ofanana nalo. Cholakwa chofala ndi kutumiza imelo kwa anthu 80 maadiresi onse akuonekera. China ndi kutsitsira mndandanda wa olembetsa pa laputopu yanu n'kuusiya momwemo zaka. Chachitatu chimakopa makamaka aphunzitsi odzilemba okha ntchito: kugwiritsa ntchito mndandandawo kutsatsa maphunziro awo. Chimenecho chimathetsa chikhulupiriro nthawi yomweyo.

Nanga phindu lake? Si makasitomala, mwina patapita nthawi yaitali. Chomwe chimabwera msanga ndi luso lomwe mphunzitsi wa bizinesi amaphunzitsa koma kawirikawiri sanalichitepo: kutsogolera msonkhano wa anthu a mayiko asanu, kupanga bajeti, kukambirana mtengo ndi hotela, kulembera munthu kalata yomukana mwaulemu. Amene wachitapo izi amaphunzitsa mosiyana. Kwa mphunzitsi wa Business Communication pa koleji ya ku Blantyre kapena Lusaka, chotchinga chachikulu ndi umembala wolipira m'mapaundi ndi viza yopitira ku msonkhano. Koma ntchito ya magazini, ya webinar ndi yowerenga zomwe olankhula atumiza imachitika yonse pa intaneti, ndipo IATEFL imapereka thandizo la ulendo kwa ena opita ku msonkhano wake wapachaka, lomwe amafunsira miyezi yambiri msonkhanowo usanafike.

Pomwe mabungwewa amavulala kwambiri ndi posiyirana udindo. Munthu wagwira zaka zingapo, zonse zili m'mutu mwake, akaunti ya Zoom inatsegulidwa ndi imelo yake, ndipo nambala yotsimikizira polowa imapita pa foni yake. Akachoka, wolowa m'malo amayambira pa ziro. Mankhwala ake ayambe sabata yoyamba, osati yomaliza: maakaunti onse akhale pa imelo ya bungwe, mawu achinsinsi asungidwe pomwe anthu awiri angawapeze, ndipo pakhale chikalata chimodzi cholembedwa mwezi ndi mwezi, chonena zoyenera kuchitika, woti alemberedwe, ndi zomwe zinavuta chaka chatha. Mukaona kuti simungapitirize, nenani kutatsala miyezi iwiri kapena itatu, ndipo webinar kapena magazini yotsatira muichitire limodzi ndi wolowa m'malo mwanu, iye akugwira, inu mukuyang'ana.