Chotupa cha m'bere sichidikira kupweteka

Pakati pa amayi athu a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare pali mawu akalekale akuti bere likapanda kupweteka ndiye kuti lili bwino. Mayi amapeza kachotupa posamba, n'kumakasisita ndi mafuta miyezi ingapo, akudikira ululu.

Maganizowa ndi olakwika. Khansa ya m'mawere ikamayamba, nthawi zambiri sipweteka konse. Kachotupako kamangokhala kolimba ngati njere, kosasunthasuntha. Ululu umakonda kubwera matenda atakula, mwina atafika kale m'khwapa kapena m'mafupa, pamene kuchiza kwavuta ndipo ndalama zake zachuluka. Chodabwitsa n'chakuti mawere opweteka pafupi ndi msambo, amene timawaopa kwambiri, kawirikawiri alibe vuto.

Zotupa zambiri si khansa ayi, koma zala zanu sizingasiyanitse. Amasiyanitsa ndi a chipatala, pounika ndi mamogilamu (ekisire ya mawere) kapena sikani, kenako n'kutenga kachidutswa kukayeza. Kutenga kachidutswako sikufalitsa matenda, ngakhale azakhali ena amalimbikira kunena choncho.

Onaninso khungu lokwinyika ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere yolowa mkati, kapena magazi otuluka pansongapo.

Mu Zimbabwe khansayi ndi yachiwiri kwa amayi, pambuyo pa ya khomo la chiberekero. Yambirani kukiliniki ya khonsolo ya kwanuko kapena ku Cancer Association of Zimbabwe. Pakafunika, adzakutumizani kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa. Amayi opitirira zaka 40, funsani za mamogilamu ngakhale simukumva kanthu kalikonse.