Amene ankagona pamadzi a Ha Long sitima za alendo zisanabwere

Kumpoto chakummawa kwa dziko la Vietnam, m'chigawo cha Quang Ninh, nyanja yamchere inalowa kumtunda n'kusiya zilumba 1,969 za miyala ya laimu zili njo pamadzi ngati zulu zikuluzikulu zomera tchire pamwamba. Malowa ndi Ha Long, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 1,553. Dzuwa likamapendeka, sitima zoyera zimaponya nangula pakati pa zilumbazi, alendo n'kudya nkhanu, kumwa vinyo, kenako kugona m'zipinda zokhala ndi khonde loyang'ana kumadzi. Usiku umodzi ena amalipira madola mazanamazana. Koma kugona pamadzi a Ha Long sikunayambe ndi anthu a ndalama, ndipo amene anakuyamba ambiri a iwo anachotsedwapo.

Miyalayi ndi yakale kwambiri, inaumbika pansi pa nyanja zaka mamiliyoni mazanamazana zapitazo. Mvula ndi mafunde ndi zimene zinaidya pang'onopang'ono, kuboola mapanga ndi kusema nsonga zimene anthu amajambula lero. Eni dziko ali ndi nthano yawo: amati zinjoka zinatsika kumwamba kudzateteza dziko kwa adani ochokera kunyanja, ndipo ngale zimene zinalavula zinasanduka zilumba.

Nthanoyo ili ndi pogwira, chifukwa madzi amenewa anaonadi nkhondo. Mu 1149 mfumu Ly Anh Tong inatsegula doko la Van Don kuti amalonda akunja azikocheza kumeneko. Kufupi ndi Ha Long kuli mtsinje wa Bach Dang, kumene mu 938 mkulu wa asilikali a Vietnam, Ngo Quyen, anagonjetsa zombo zochokera ku China pokhomera mitengo yosongoka pansi pa mtsinje. Adani analowa madzi atakwera, mitengo isakuoneka, ndipo madzi ataphwa zombo zawo zinapachikika. Mu 1288 mkulu wina wa asilikali, Tran Hung Dao, anachita chimodzimodzi kwa asilikali a Mongol, amene zombo zawo za chakudya zinali zitaonongedwa kale cha ku Van Don. Mpaka lero, operekeza alendo kuphanga la Dau Go amanena kuti mitengo ija ankaibisa mmenemo.

Afalansa atalanda kumpoto kwa Vietnam m'zaka za m'ma 1880, chimene chinawakopa poyamba sichinali kukongola kwa malo ayi, koma malasha a ku Hon Gai ndi Cam Pha, m'mbali mwa nyanjayi. Komabe ndi iwo amene anayamba kuyenda pamadziwa pongofuna kusangalala. Banja lachifalansa la a Roque linali ndi sitima za nthunzi zonyamula anthu ndi katundu kuchokera kudoko la Hai Phong, ndipo imodzi mwa izo, Emeraude, inamira mu 1937. Mu 2003 kunakhazikitsidwa sitima ina ya dzina lomwelo, yomangidwa motengera yakale ija. Lero sitima zambiri zapamwamba za ku Ha Long zimakongoletsedwa ngati za nthawi ya atsamunda, nthawi imene Mvietnam wamba ankakumba malasha pomwe ena akupitidwa mphepo padenga la sitima.

Zaka za nkhondo yolimbana ndi Afalansa, kenako ndi America, zinatseka zonsezi. Mu 1962 mtsogoleri wa kumpoto kwa Vietnam, Ho Chi Minh, anabweretsa kuno Gherman Titov, munthu wa ku Soviet Union amene anapita mumlengalenga, ndipo chilumba cha Ti Top chinatchedwa dzina lake. Patangotha zaka ziwiri ndege za America zinaphulitsa Hon Gai. Alendo anayambanso kubwera dziko litamasula malonda mu 1986, ndipo khomo linatseguka kwenikweni mu 1994 pamene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika Ha Long pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Inabwerezanso kutero mu 2000 chifukwa cha miyala yake.

Nthawi yonseyi panali anthu amene Ha Long kunali kwawo. Asodzi a kuno ankabadwira m'bwato, kukwatirana m'bwato, kulera ana m'bwato. Kumtunda ankapitako kukagulitsa nsomba, kugula mpunga ndi kutunga madzi akumwa. M'zaka za m'ma 1990 ambiri anamanga nyumba zamatabwa pa migolo yoyandama m'malo obisika ku mphepo, n'kuyamba kuweta nsomba m'makola a ukonde pansi pa nyumbazo. Ndi mmene midzi ya Cua Van, Vung Vieng, Ba Hang ndi ina inakhalira. Ku Cua Van kunali ngakhale sukulu yoyandama, ana akumapalasa okha popita kukaphunzira. Makampani a sitima anaiona midziyi kuti ndi chokopa alendo, ndipo zithunzi zake zinadzaza m'mabuku otsatsa maulendo.

Mu 2014 boma la chigawo linasamutsa mabanja oposa 300 kuwapititsa kumtunda, ku Cai Xa Cong, kumene linawamangira nyumba za njerwa. Zifukwa zimene linapereka si zabodza. Zinyalala ndi zonyansa za m'midziyi zinkathera m'madzi, namondwe akabwera anthu ankakhala pa ngozi, ndipo ana ambiri ankalekezera sukulu panjira. Koma munthu amene moyo wake wonse wadziwa ukonde ndi nkhafi, amene mwina sadziwa kulemba, kumtunda akagwira ntchito yanji? Ena anabwerera kunyanja kukasodza, nyumba zatsopanozo n'kumangogonamo mwa apo ndi apo. Ena analembedwa ganyu yopalasa timabwato ta nsungwi, kuzungulitsa alendo m'midzi momwe iwo eni ankakhala, m'mene nyumba zina zinasiyidwa kuti zizingoonedwa. Kwa ine apa ndi pamene nkhaniyi imapweteka. Ngati vuto linali kuipitsa madzi, mabanja mazana atatu sangafanane ndi maboti a alendo pafupifupi 500 amene amayenda pamadzi omwewo, ena mwa iwo akugoneka anthu makumimakumi usiku uliwonse.

Sitimazonso zasintha, ndipo ngozi ndi zimene zinazisintha. Poyamba zinali zamatabwa, zofiirira, zokhala ndi matanga otambasuka ngati a zombo zakale za m'derali. Mbandakucha wa pa 17 February 2011 imodzi inamira itaima pafupi ndi Ti Top, anthu ali mtulo. Anafa anthu 12, ndipo 11 mwa iwo anali alendo akunja. Ofufuza anapeza kuti madzi analowera pa valavu imene inasiyidwa yotsegula kuchipinda cha injini. Malamulo anakhwima, ndipo mu 2012 akuluakulu analamula kuti maboti onse a alendo apakidwe penti woyera. Eni ake ambiri anadandaula kuti lamuloli likufafaniza maonekedwe amene alendo ankadzera, koma linatsatidwabe. Moto utapsereza maboti angapo amatabwa, boma linayamba kukankhira eni ake ku sitima zachitsulo, ndipo zimenezi ndi zimene zakula n'kukhala mahotela oyandama, ena okhala ndi dziwe losambiramo padenga. Misewu yatsopano imene inamalizidwa mu 2018 inadula ulendo wochokera ku Hanoi, likulu la dzikoli, kuchoka pa maola anayi kufika pa awiri ndi theka, alendo n'kuchulukirachulukira.

Nyanja yokha sinasinthe khalidwe. Namondwe Yagi anamiza maboti angapo ali padoko mu September 2024, ndipo pa 19 July 2025 boti la ulendo wa masana, Wonder Sea, linagubuduzika ndi mphepo yadzidzidzi n'kupha anthu oposa 35, ambiri a iwo mabanja a ku Hanoi.

Chifukwa cha kuthithikana, makampani ambiri a sitima zapamwamba tsopano amatengera alendo awo ku Lan Ha, kufupi ndi chilumba cha Cat Ba, dera limene lili pansi pa mzinda wa Hai Phong ndipo UNESCO inaliphatikiza ndi Ha Long mu 2023. Kumeneko kunalinso mabanja oweta nsomba pa nyumba zoyandama, ndipo akuluakulu a mzinda anayamba kale kugwetsa makola awo ambiri.