Eni nthaka a ku Tasmania sanathe

Nthano za sayansi zimakonda kubwerera m'nthawi yakale, kapena kupanga munthu kuchokera ku maselo a womwalira, kuti zidzutse mtundu womwe akuti unatha. Pachilumba cha Tasmania, kum'mwera kwa Australia, palibe wofunika kudzutsidwa. Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsidwa kuti eni nthaka anatha pomwe Truganini, mayi yemwe ankati ndi wotsiriza wa mtundu wawo, anamwalira mu 1876. Ndi bodza, ndipo linkawakomera atsamunda, chifukwa mtundu ukatha ndani angafunsenso za malo? Amayi ena omwe anatengedwa ndi alenje a nyama zam'nyanja ku zilumba za Bass Strait, nyanja ya pakati pa Tasmania ndi mtunda waukulu wa Australia, anabereka ana. Fanny Cochrane Smith, mayi winanso wa mtundu wa eni nthakawo yemwe nyimbo zake zinajambulidwa mu 1899, anamwalira mu 1905. Zidzukulu zawo, Apalawa, zilipo mpaka lero ndipo zikutsitsimutsa chinenero chotchedwa palawa kani.