Lipoti la Gluckman la 1944 ndi mkangano wa NHI

Chisainireni Pulezidenti Cyril Ramaphosa wa South Africa lamulo la National Health Insurance (NHI), lokhazikitsa thumba limodzi la boma lolipirira chithandizo cha kuchipatala, pa 15 Meyi 2024, kutatsala milungu iwiri kuti chisankho chichitike, mkangano sunazizire, ndipo nkhaniyi inafika kale kumakhothi. Ngakhale pakati pa ife Amalawi okhala mu Johannesburg alipo amene amati boma likayamba kusonkhanitsa ndalama zonse za chipatala m'thumba limodzi ndiye kuti sosholizimu yalowa m'dziko. Koma ganizo lakuti aliyense azilandira chithandizo posayang'ana thumba lake linabwera kuno kalekale, ndipo amene analibweretsa sanali a sosholizimu.

M'chaka cha 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, boma la nduna yaikulu Jan Smuts linakhazikitsa komiti yofufuza za umoyo wa anthu, ndipo wapampando wake anali dokotala Henry Gluckman, phungu wa Yeoville, dera lomwe lero muli abale athu ambiri. Lipoti lake linatuluka mu 1944, zaka zinayi dziko la Britain lisanatsegule NHS, dongosolo lake la chithandizo chaulere kwa onse. Linanena kuti pakhale dongosolo limodzi la zaumoyo la anthu a mitundu yonse, lolipiridwa ndi msonkho wapadera, ndipo maziko ake akhale zipatala zazing'ono pafupifupi 400 zomwazikana m'midzi ndi m'makomboni. Chitsanzo chinalipo kale ku Pholela, m'chigawo cha Natal, kumene madokotala Sidney ndi Emily Kark anayamba ntchito mu 1940. Iwo anaphunzitsa anthu a m'deralo kuti aziyenda khomo ndi khomo, kulemba ana obadwa ndi omwalira, kulimbikitsa madimba a ndiwo zamasamba ndi kukumba zimbudzi, ndipo imfa za makanda zinatsika.

Olemba mbiri sagwirizana pa amene anapha ganizoli. Ena amaloza chala chipani cha National Party, chomwe chinalowa m'boma mu 1948 ndi ndondomeko ya tsankho. Ena amati Smuts mwiniwake anali atalifoola kale pokana kulanda zipatala zikuluzikulu m'manja mwa maboma a zigawo. Kwa ine mfundo yachiwiriyi ndi yolemera, chifukwa ngakhale Gluckman anakhala nduna ya zaumoyo mu 1945, zipatala zimene zinatsegulidwa sizinafike n'komwe pafupi ndi 400, ndipo msonkho uja sunakhazikitsidwe. A tsankho anangomalizitsa chinthu chomwe chinali chitadwala kale, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 banja la Kark linachoka m'dziko muno.

Smuts sanali wa sosholizimu, monganso Otto von Bismarck wa ku Germany, yemwe analetsa mabungwe a sosholizimu mu 1878 kenako mu 1883 n'kuyambitsa inshuwalansi ya ogwira ntchito akadwala, pofuna kuti antchitowo asakopeke ndi adani ake. Kwathu nako, Dr. Kamuzu Banda ankadana ndi chikomyunizimu poyera, koma zipatala za boma zinali zaulere kwa nthawi yaitali mu ulamuliro wake, ndipo mpaka lero wodwala akapita ku Queens kapena ku Kamuzu Central salipira m'mawodi wamba, ngakhale kuti nthawi zina amauzidwa kukagula mankhwala kufamase. Sosholizimu imafuna kuti migodi, mafakitale ndi mabanki zikhale za boma kapena za anthu onse pamodzi. Maiko monga Sweden ndi Denmark amagwiritsa ntchito ndalama zambiri za msonkho pa zaumoyo ndi maphunziro, komabe makampani awo akuluakulu ambiri ali m'manja mwa eni ake, osati boma.

N'zoona kuti Freedom Charter, mfundo za omenyera ufulu polimbana ndi tsankho, yomwe inavomerezedwa ku Kliptown mu 1955, inaika chithandizo chaulere m'chikalata chimodzi ndi mfundo yakuti chuma cha pansi pa nthaka ndi mabanki zikhale za anthu onse, ndipo apa ndi pamene otsutsa NHI amapezera mphamvu. Nkhawa yawo ina siyopanda pake: gawo 33 la lamulo la NHI likuti dongosolo likadzakhazikika kwathunthu, medical aid, inshuwalansi ya chipatala imene anthu amadzilipirira, izidzalipira zokhazo zimene thumba la boma silikulipira, ndipo munthu amene anaona mmene ndalama za boma zimasowera ali ndi chifukwa choopera. Komabe anthu a medical aid sakwana mmodzi pa asanu alionse, pomwe ndalama zopita kuchithandizo chawo zikufanana pafupifupi ndi zimene boma limagwiritsa ntchito pa ena onse, amene amadzuka kusanache kukaima pamzere wa kiliniki atanyamula khadi ndi mwana kumbuyo.

Kwa ife obwera pali mfundo ina imene a mbali zonse ziwiri saitchula kawirikawiri. Lamuloli likuti opempha chitetezo ngati othawa kwawo ndi amene alibe mapepala azilandira chithandizo cha mwadzidzidzi ndi cha matenda oopsa opatsirana basi, ngakhale kuti ana onse, kuphatikizapo a anthu amenewa, likuwapatsa ufulu wa chithandizo choyambirira.