Ana akagwira kamera pa tchuthi ku Mangochi

Sukulu zikatsekera chakumapeto kwa Julayi, magulu ena amasonkhanitsa ana masana okhaokha, kufika m'mawa, kubwerera kwawo dzuwa likapendeka. Mukati mwa mpira ndi magule, ena ayamba kuikamo kujambula kanema. Makolo akamva zimenezi amafunsa za mtengo wa kamera. Kwa ife amene timadyera ntchito yojambula, kamera ndi nkhani yomalizira. Foni yomwe mumajambulira zinkhoswe ija ikukwana, ndipo imodzi ingatumikire ana asanu.

Tsiku loyamba foniyo isatuluke m'thumba. Ana alandire pepala, alidule mizere kukhala mabokosi asanu ndi limodzi, ndipo m'bokosi lililonse ajambule ndi pensulo chimene woonera adzaone. Tinene kuti nkhani ndi ya usipa: bwato likufika padoko, amayi akutsatsana mtengo, nsomba zikuyanikidwa pathandala, mpaka mbale ya ndiwo. Mwana amene walemba zimenezi sajambulanso chisawawa. Kanemayo asapitirire mphindi imodzi, chifukwa mphindi imodzi yabwino imatha m'mawa wonse.

Pagulu pakhale wogwira foni, wotsogolera, womvetsera mawu, ndi osewera kapena ofunsa mafunso. Azisinthana tsiku ndi tsiku. Mukawasiya okha, mnyamata wamkulu msinkhu alanda foni, atsikana n'kusanduka oonerera.

Chimene chimaononga makanema a kuno kwambiri ndi mphepo. Miyezi ya tchuthi chachitaliyi ndi ya mwera, womwe umawomba kuchokera kumwera chakum'mawa, ndipo ukalowa m'kabowo ka maikolofoni pafoni mumangomva phuu! phuu! basi. Woonera amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu akapanda kumveka amachokapo. Wolankhula aime pafupi, malo ofikira mkono wotambasula, ndipo wojambula afulatire mphepo kapena abisale kuseri kwa khoma. Akatha kujambula amvetsere pomwepo, asanachoke pamalopo.

Dzuwa nalo lili ndi zake. Ku Nkopola nyanja ili kum'mawa, choncho mwana amene waimitsidwa m'mawa nyanja ili kumbuyo kwake amatuluka wakuda bii, nkhope yosaoneka. Tsidya la ku Malindi vuto lomwelo limabwera madzulo. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, ndipo masana enieni thawirani pamthunzi wa mtengo wa mango. Foni aigoneke chopingasa, aigwire ndi manja awiri, zigongono zitakhudza nthiti.

Ana aang'ono, a zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, ine ndimakonda kuwayambitsa ndi zidole zadongo. Kanema ndi zithunzi zambiri zosinthana mofulumira, 24 kapena 25 pa sekondi imodzi. Ana akaumba mvuu, n'kumaisuntha pang'onopang'ono akujambula chithunzi chimodzichimodzi, zithunzi 12 pa sekondi zimakwanira kuti ioneke ikuyenda. Masekondi khumi ndi zithunzi 120. Masamuwo awerengetsere okha. Pulogalamu ya Stop Motion Studio imalumikiza zithunzizo, bola foni imangiriridwe pampando kuti isagwedezeke.

Pali nkhani ina imene sindilola kuti idumphidwe, ya chilolezo. Kuyambira 2017 malamulo oyendetsera dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho kholo lisaine kawiri: kulola kuti mwana ajambulidwe, ndi kulola kuti kanemayo aonetsedwe kunja kwa gululo. Izi n'zosiyana. Facebook ndi TikTok salola ana osakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti, ndiye woyang'anira asatsegulire ana pongofuna kutchuka. Anawo aphunzirenso kupempha: "Agogo, tingakujambuleni? Tikufuna tikaonetse anzathu." Akakana, akana. Amayi amene akusamba kapena kuchapa kunyanja sajambulidwa, ngakhale chapatali. Nyengo yomweyi ndi ya zinamwali, ndipo za kundagala si za kamera. Kumzikiti kapena kutchalitchi, yambani mwaonana ndi akuluakulu a pamalopo.

Nkhani zojambula zilipo zosafuna thiransipoti. Chipilala cha wotchi chokumbukira Mfumukazi Victoria chili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo gogo aliyense wakale amadziwa kuti tauniyi inkatchedwa Fort Johnston. Wolankhula Chiyao asakakamizidwe kusintha chilankhulo. Ana alembe mawu a Chichewa m'munsi mwa chithunzi. M'mbali mwa mtsinje wa Shire, munthu wamkulu asachoke pagulu, muli ng'ona.

Kudula ndi kulumikiza kumachitika pafoni yomweyo ndi pulogalamu ya CapCut kapena KineMaster, ndipo pamafunika tsiku lathunthu. Madzulo alionse sungani zojambulidwazo pamemori khadi kapena pakompyuta, mutchajiretu pawabanki. Tsiku lomaliza itanani makolo, ndipo kumapeto kwa kanema mayina onse alembedwe, ndi la mwana amene ankangoletsa anthu phokoso lomwe.